ANA ANAI NDI GALU WAO: MKANGANO WA AKULUAKULU PA NKHANI YA ANA KU BRITAIN

Pa 9 Disembala 2023 nyumba youlutsa mau ya BBC ya ku Britain inaonetsa pa wailesi ya kanema sewero latsopano la ana lochedwa The Famous Five, ndiko kunena kuti Asanu Ochuka. Seweroli linatengedwa m'mabuku amene mai wina wa ku England, Enid Blyton, anayamba kulemba m'caka ca 1942, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Linakonzedwa kuti lisangalatse ana, koma amene anakweza mau kwambiri atalionera sanali ana ai. Anali akuluakulu, ena a iwo a imvi kumutu, amene anawerenga mabukuwo pa ubwana wao nawasunga mu mtima ngati cuma cosiyiridwa ndi makolo.

Ena mwa akuluakuluwo anakwiya nanena kuti opanga kanema aononga nkhani imene inawalera. Ena anakondwera nanena kuti nkhaniyo inali itakalamba, ndipo inayenera kuvekedwa zovala zatsopano kuti ana a masiku ano ailandire. Mkanganowo unamveka m'manyuzipepala ndi pa intaneti pomwe. Munthu angadabwe kuti kodi anthu a nzeru zao angakanganirenji nkhani ya ana ndi galu. Yankho lace lili m'mbiri ya mabukuwa, ndipo funso limene lagona pansi pa mkanganowo likhudza mudzi uliwonse kumene agogo asimbira adzukulu ao nthano madzulo: kodi mwini nkhani ndani, amene anaimva kale kapena amene alikuimva lero?

ASANUWO NDANI?

Enid Blyton anabadwa pa 11 Ogasiti 1897 ku East Dulwich, mu mzinda wa London, ndipo anamwalira pa 28 Novembala 1968. Anaphunzira nchito ya uphunzitsi, koma pambuyo pace anaisiya nadzipereka pa kulemba mabuku a ana. Analemba mabuku pafupifupi 700, ndipo amene agulidwa pa dziko lonse apitirira 600 miliyoni. Anali wa dzanja lofulumira pa makina olembera, kotero kuti pa tsiku limodzi anali kutha kulemba mau okwana 10,000.

Buku loyamba la Asanu Ochuka, lochedwa Five on a Treasure Island, linasindikizidwa ndi kampani ya Hodder & Stoughton m'mwezi wa Seputembala 1942. Lomariza, Five Are Together Again, linatuluka m'caka ca 1963, ndipo onse pamodzi anakwana 21. Zithunzi za m'mabuku oyambawo anajambula ndi Eileen Soper.

Asanuwo ndi ana anai ndi galu mmodzi. Wamkulu ndi Julian, wa zaka 12 m'buku loyamba, wotsatidwa ndi mng'ono wace Dick wa zaka 11 ndi mlongo wao Anne wa zaka 10. Wacinai ndi mtsikana wa zaka 11 dzina lace Georgina, mwana wa Quentin, mbale wa atate ao. Mwa cibale ca Acewa iyeyu akadakhala mlongo weniweni wa anyamatawo, popeza atate ao ndi a mimba imodzi. Georgina safuna kukhala mtsikana. Ameta tsitsi lace, abvala ngati mnyamata, adziwa kupalasa bwato kuposa anyamata, ndipo akana kuyankha kufikira atamuitana kuti George. Wacisanu ndi galu wace Timmy.

M'buku loyambalo ana atatu aja apita kukakhala kwa George pa nthawi ya chuthi, m'mphepete mwa nyanja, pamalo ochedwa Kirrin. Pafupi ndi gombe pali kacilumba kokhala ndi bwinja la nyumba ya malinga, kamene amace a George anamlonjeza kuti kadzakhala kace. Namondwe abvuula combo cimene cinamira kalekale, ndipo m'comboco anawo apeza bokosi lokhala ndi mapu osonyeza kumene kunabisidwa mitanda ya golide. Anthu akuba amva za cumaco nafuna kugula cilumba, ndipo Quentin, amene ali wasayansi wosauka ndi wa mtima wapacala, abvomera kugulitsa. Anawo afika pa golide poyamba, awiri atsekeredwa m'ndende ya pansi pa nthaka, koma Dick atsikira m'citsime nawapulumutsa. Potsiriza banja la George lituluka mu umphawi, ndipo Timmy, amene anali atapitikitsidwa pa nyumba, aloledwa kubwerera. Mabuku ena onse atsata njira yomweyi: chuthi, ulendo, cinsinsi, akuba kapena ozembetsa katundu, ndi apolisi amene afika nchito itatha kale.

CIFUKWA CACE ANAKONDEDWA

Kuti munthu amvetse cikondi ca Azungu pa mabukuwa ayenera kukumbukira nthawi imene analembedwa. M'masiku oyamba a Seputembala 1939 boma la Britain linasamutsa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni, ambiri a iwo ana, kucokera m'mizinda kupita kumidzi poopa mabomba. Kuyambira m'Januwale 1940 shuga, batala ndi nyama zinali kugulidwa mwa muyeso, ndipo lamulo la muyeso wa zakudya silinatheretu kufikira 1954. Mwana amene anali kukhala pakati pa mantha ndi kusowa kotere anali kutsegula buku napeza anzace akuyenda okha pa njinga, akugona m'mahema, akudya mazira, nyama, makeke ndi zipatso mpaka kukhuta. Nkhondo m'nkhanizo munalibe. Ana anali olimba mtima ndi anzeru kuposa akulu, ndipo woipa aliyense anali kugwidwa buku lisanathe.

M'caka ca 1952 kunakhazikitsidwa gulu la ana okonda mabukuwa, lochedwa Famous Five Club, limene linali kusonkha ndalama zothandizira nyumba yolereramo makanda ku Beaconsfield. Mabukuwo anaolokanso nyanja. Ku Germany anachedwa Fünf Freunde. Ku France anachedwa Le Club des Cinq, ndipo omasulira anasamutsira nkhani yonse ku cigawo ca Brittany, George nakhala Claude, Timmy nakhala Dagobert. Afalansa anawakonda kotero kuti mlembi wao, Claude Voilier, anaonjezapo mabuku ena 24 kuyambira m'caka ca 1971, mwini nkhani atamwalira kale.

M'maiko amene anali kulamulidwa ndi Britain, monga India, Nigeria, Kenya ndi Singapore, mabuku a Blyton anadzaza mashelefu a masukulu. Kuno ku Zambia, kumene Cingelezi cinakhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira m'kalasi loyamba m'caka ca 1966, alipo aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki opuma pa nchito amene akumbukira kuti ena mwa mabuku a Cingelezi amene anayamba kuwerenga okha mpaka kumapeto anali a maiyu. M'caka ca 2008, pa kafukufuku wa a Costa Book Awards, anthu a ku Britain anamsankha kuti ndiye mlembi amene amkonda koposa onse, kupambana Roald Dahl, J. K. Rowling ndi William Shakespeare yemwe.

MKATI MWA MKUYU

Akale anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Mabuku a Blyton anadzudzulidwa iye akali moyo. Aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale ena anati mau ace ndi ocepa ndi obwerezabwereza, ndipo malaibulale ena anakana kuwagula. Makalata akale amene BBC inaulula m'caka ca 2009 anasonyeza kuti kwa zaka pafupifupi 30 akuluakulu a nyumbayo anali kukana kuulutsa nkhani zace, ponena kuti zinalibe luso. Ndi nyumba yomweyi imene inadzapanga sewero la 2023.

Mlandu waukulu unali wa tsankho. M'caka ca 1960 kampani ya Macmillan inakana kusindikiza buku lace lina cifukwa akuba a m'bukumo anaonetsedwa ngati oipa pa cifukwa cakuti anali alendo ocokera kunja. M'caka ca 1966 Lena Jeger, phungu wa nyumba ya malamulo, analemba m'nyuzipepala ya The Guardian kudzudzula buku lace The Little Black Doll, mmene cidole cakuda cidedwa ndi zinzace kufikira mvula itatsuka nkhope yace niyera. M'mabuku a Asanu Ochuka namonso anthu okaikitsa kawirikawiri ndi alendo, anthu oyendayenda okhala m'ngolo, kapena osauka a zovala zakuda ndi litsiro. Anne apatsidwa nchito yophika ndi kuyala pogona pamene alongo ace apita kukasuzumira m'mapanga.

Milandu imeneyi sinaiwalike. M'caka ca 2016 komiti yolangiza Royal Mint, kumene kusulidwa ndalama za Britain, inakana kuika Blyton pa ndalama yacitsulo ya 50 pence yokumbukira zaka 50 cimwalirire, pochula tsankho la mtundu ndi kupeputsa akazi. Nkhaniyi inaululika m'caka ca 2019 ndipo okonda mabuku ace anakwiya kwambiri. M'caka ca 2021 bungwe la English Heritage, limene linakhoma cikwangwani comkumbukira pa nyumba ina ku Chessington m'caka ca 1997, linaonjeza mau ochula milandu yomweyi m'mbiri yace, koma cikwangwanico linacisiya pomwepo.

Ana a mu Africa amene anakula ndi mabuku otere anali ndi bvuto lao lapadera. Mlembi wochuka wa ku Nigeria, Chimamanda Ngozi Adichie, anafotokoza m'caka ca 2009 kuti atayamba kulemba tinkhani tace ali mwana, anthu onse a m'nkhanizo anali Azungu a maso obiriwira, osewera m'cipale cofewa, odya maapulo ndi kumwa ginger beer, cakumwa cimene iye anali asanacilawepo. Anali asanadziwe kuti mwana wakuda wodya mango angakhalenso m'buku.

KUSINTHA MAU KUNALEPHERA

Osindikiza anaona kuti ayenera kucitapo kanthu. Kwa zaka zambiri anali kucotsa mwakacetecete mau onyoza mitundu. Koma m'caka ca 2010 kampani ya Hodder inapitirira pamenepo: inalembanso Cingelezi ca mabuku 10 oyamba kuti cifanane ndi colankhula ana a masiku ano. Mau akale oitanira makolo, zovala za ku sukulu ndi aphunzitsi analowedwa m'malo ndi atsopano, ndipo mau ena odabwira amene ana a 1942 anali kugwiritsa nchito anafafanizidwa.

Okonda mabukuwa anakana. Tony Summerfield wa bungwe la Enid Blyton Society, limene linayamba m'caka ca 1995, ananena poyera kuti iye sanali kutsutsa kucotsa mau amene asanduka cipongwe, koma sanaone cifukwa cosinthira mau abwinobwino pongofuna kusintha. Ena anati kumeneko ndi kupeputsa ana, ngati kuti sangathe kufunsa tanthauzo la liu lacilendo. Ogula nao sanathamangire mabuku okonzedwawo. M'caka ca 2016 kampani ya Hachette, mwini wa Hodder, imene inagula ufulu wa mabuku ambiri a Blyton m'caka ca 2013, inabvomera kuti kusinthako sikunapindule, nibwezera kalembedwe kakale, ngakhale kuti mau onyoza mitundu sanabwezedwe. Okonda zakale anaona kuti apambana, ndipo ndi mtima umenewo anadikira sewero latsopano.

MLENDO WA KU DENMARK

M'caka ca 2023 kunamveka kuti BBC, mogwirizana ndi nyumba ya ZDF ya ku Germany, idzapanga sewero latsopano, ndi kuti mmodzi mwa otsogolera nchitoyo ndi Nicolas Winding Refn. Anthu ambiri poyamba anayesa kuti ndi nthabwala. Refn, amene anabadwira ku Copenhagen m'dziko la Denmark m'caka ca 1970, adziwika ndi makanema a akuluakulu odzaza ndi ciwawa ndi mwazi, monga Drive wa 2011, amene anampezetsa mphotho ku Cannes, ndi The Neon Demon wa 2016. Kupereka Anne ndi Timmy m'manja mwa munthu wotere kunaoneka kwa ena ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi. Mwini wace anayankha kuti moyo wace wonse wakhala akulimbana kuti asataye mtima wa ubwana wokonda maulendo.

Refn anakonza seweroli pamodzi ndi Matthew Read, ndipo gawo loyamba, lochedwa The Curse of Kirrin Island, lotalika mphindi 90, linatsogoleredwa ndi Tim Kirkby. George anali Diaana Babnicova, Julian anali Elliott Rose, Dick anali Kit Rakusen, ndipo Anne anali Flora Jacoby Richardson. James Lance anali Quentin, Ann Akinjirin nakhala mkazi wace Fanny. Munthu woipa, Wentworth, amene mulibe m'mabuku a Blyton, anali Jack Gleeson, amene anachuka pokhala mfumu yankhanza Joffrey m'sewero la Game of Thrones. Nkhaniyo inaikidwa m'zaka za m'ma 1930, nkhondo isanayambe.

MADANDAULO

Dandaulo loyamba linali lakuti nkhaniyo si ya Blyton. Maina a ana, galu ndi cilumba analipo, koma cuma cimene anali kufuna sicinalinso golide wa m'combo ca makolo a George. Cinali cinsinsi ca Knights Templar, gulu la asilikali acipembedzo a zaka mazana ambiri zapitazo, cobisidwa m'mapanga okhala ndi misampha. Oonerera ambiri anati zimenezi zifanana ndi makanema a Indiana Jones a ku America. Kukoma kwa mabuku, iwo anatero, kunali kwakuti zonse zinali zotheka kucitikira mwana wamba pa chuthi, ndipo kukomako kunataika pamene opanga kanema anafuna zazikulu ndi zoopsa.

Dandaulo laciwiri linali la maonekedwe ndi mamvekedwe. Seweroli linayamba ndi malemba a mitundu yowala ngati magetsi a m'tauni, ndipo nyimbo zace zinali za makina a magetsi, zosadziwika m'zaka za m'ma 1930. Ena anaonjeza kuti anawo anali kulankhula ndi kuyankha akulu ngati ana a masiku ano, ndi kuti mbali zina zinali zoopsa kwa ana aang'ono.

Dandaulo lacitatu ndilo linautsa fumbi kwambiri. Ann Akinjirin ndi mkazi wakuda, ndipo George m'seweroli ndi mwana wa mai wakuda ndi bambo Mzungu. Ena mwa odandaula anati opanga kanema alowetsa ndale za masiku ano m'nkhani ya ana, ndi kuti banja lotere silikadapezeka kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja ku England pa nthawi imeneyo. Ena anati iwo sada munthu wakuda ai, koma George amene anali kumuona m'zithunzi za Eileen Soper anali wina, ndipo kumsintha ndi kuwalanda bwenzi la pa ubwana wao. Manyuzipepala ena amene sakonda BBC anakoleza moto umenewu.

MAYANKHO

A mbali ina nao sanakhale cete. Anakumbutsa anzao kuti anthu akuda anali kukhala ku Britain kale nkhondo isanayambe, makamaka m'mizinda ya madoko monga Cardiff ndi Liverpool, ndi kuti m'caka ca 1931 dotolo wocokera ku Jamaica, Harold Moody, anayambitsa ku London bungwe lomenyera ufulu wao. Pa nthawi imene Blyton anali kulemba buku loyamba, asilikali akuda a m'maiko olamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo a Northern Rhodesia Regiment ocokera m'midzi ya dziko lino, anali kumenyera Britain nkhondo. Kusapezeka kwao m'mabuku a ana sikutanthauza kuti kunalibe anthu otere.

Anachulanso za ana amene seweroli linakonzedwera. Kalembera wa 2021 anasonyeza kuti ku England ndi Wales anthu 4 mwa 100 alionse ndi akuda, ndipo pafupifupi 3 mwa 100 ndi obadwa kwa makolo a mitundu yosiyana. Ana a mabanja amenewa naonso aonera BBC, ndipo makolo ao alipira msonkho wa wailesi ya kanema monga ena onse. Cinanso, George ndi mwana amene m'mabuku momwemo adzimva kuti ndi wosiyana ndi anzace, wokana kuikidwa m'khola limene akulu amkonzera. Mtima umenewo, iwo anatero, ndiwo George weniweni, ndipo mtsikana wosewerayo anauonetsa bwino.

Panali makolo ambiri amene anangonena kuti anakhala pansi ndi ana ao, naonera mpaka kumapeto, ana nasangalala. Olemba za makanema m'manyuzipepala anagawikana, koma ambiri anayamikira Jack Gleeson pa ukatswiri wace wosewera munthu woipa woseketsa. Za mwazi zimene anthu anaopa kwa Refn sizinaoneke. Kwa amene analikonda seweroli, mwambi uja wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa unapherezera. BBC sinabwerere m'mbuyo: m'caka ca 2024 inaonetsa magawo ena, Peril on the Night Train ndi The Eye of the Sunrise, nipanganso ena pambuyo pace.

ZAKALE ZENIZENI NDI ZITI?

Pali mfundo imodzi imene odandaula ambiri sanaiganizire. Asanu Ochuka amene iwo akumbukira anali atasinthidwa kale. Sewero limene anthu a zaka za m'ma 50 alikonda koposa ndi la 1978 ndi 1979, lopangidwa ndi Southern Television, la magawo 26. Koma seweroli linasamutsira nkhani m'zaka za m'ma 1970, ana nabvala zovala za nthawi imeneyo, ndipo Timmy, amene m'mabuku ndi galu wamba wa ubweya wofiirira, anakhala galu woweta nkhosa wa mawanga akuda ndi oyera. Sewero lina la magawo 26, limene linayamba m'caka ca 1995, linabwezera nkhani m'zaka za m'ma 1950.

M'caka ca 2008 kunapangidwa sewero la zithunzi zojambula lochedwa Famous 5: On the Case, loonetsedwa pa Disney Channel. M'menemo oyenda maulendo ndi ana a Asanu oyamba aja, ali ndi mafoni a m'manja ndi makompyuta, ndipo mwana wa George ndi mtsikana dzina lace Jyoti, wa atate a Cimwenye. Pamenepanso okonda zakale anadandaula. Ngakhale mau amene Azungu ambiri awachula pokumbukira mabukuwa, onena za kucuruka kwa ginger beer, anachuka cifukwa ca sewero lowaseka lochedwa Five Go Mad in Dorset, limene linaonetsedwa pa 2 Novembala 1982, tsiku limene Channel 4 inayamba kuulutsa.

Motero m'badwo uliwonse uli ndi Asanu ace, ndipo uyesa kuti ao ndiwo enieni. Cimene munthu wa zaka 60 alira poona sewero latsopano kawirikawiri ndi masiku amene anali kuwerenga atagona cafufumimba, atate ndi amai ace akali moyo. Masiku amenewo palibe wopanga kanema angawabweze, ngakhale atatsata buku liu ndi liu. Komabe odandaula ali ndi mfundo yoona pamene afunsa kuti ngati nkhani yasinthidwa yonse, dzina la Blyton likhalirapo ciani. Yankho lace ndi la malonda: dzina lodziwika likopa makolo, ndipo osindikiza ndi opanga makanema adziwa kuti nkhani yatsopano ya dzina lacilendo ibvuta kugulitsa. Ndi cifukwa cace m'caka ca 2025 Hodder inatulutsanso buku la The New Famous Five lolembedwa ndi Chris Smith, mmene George ndi munthu wamkulu wolandira ana ena ndi galu wao ku Kirrin.

PHUNZIRO KWA MABANJA A KUNO

Mkangano wotere sungadabwitse munthu wokulira kumudzi. Nthano ya Kalulu ndi citsime isimbidwa mosiyana ku Katete, ku Chadiza ndi ku Petauke, ndipo agogo awiri a m'mudzi umodzi saitsiriza mofanana. Wosimba aliyense aonjeza nyimbo yace, acotsa cimene ana sangamve, nalowetsa njinga kapena basi pamene kale panali ulendo wa pansi. Malemu Julius Chongo, m'pologalamu yace ya pa wailesi ya Poceza m'Madzulo, anali kutenga nthano zakale ndi zocitika za m'tauni naziumba mwatsopano, ndipo anthu anali kusonkhana mozungulira wailesi kuti amve. Nthano ikhala ndi moyo cifukwa ca kusimbidwanso. Kusiyana kwace ndi kwakuti buku likasindikizidwa mau ace aima pamodzi, ndipo wowerenga angathe kuloza ndi cala pamene pasinthidwa.

Cimene mabanja a kuno angatolepo ndi ici. Azungu akangana cifukwa mabuku ao a 1942 akali m'masitolo, ndipo mwana amene sanakonde kanema angathe kutenga buku nadziwerengera yekha. Mabuku ambiri a Cinyanja amene anasindikizidwa ndi Publications Bureau pa nthawi ya atsamunda, ndi NECZAM dziko litalandira ufulu, sapezeka wambawamba m'nyumba za kumidzi. Banja limene lili nalo limodzi m'sutukesi licita bwino kulitulutsa ndi kuwerengera ana madzulo, ciswe cisanalimarize. Mphunzitsi amene asunga mabuku a Blyton m'kabati ya sukulu asawatenthe, koma awapereke kwa ana ndi kukambirana nao za mmene mlendo ndi wosauka aonetsedwera m'menemo.

Olemba nkhani m'Cinyanja naonso ali ndi nchito. Zimene Blyton anagwiritsa nchito si zodula: ana olimba mtima, galu wokhulupirika, malo obisika, ndi akulu ocedwa kumvetsa. Cigwa ca Luangwa cili ndi opha nyama mosaloledwa, malire a Mwami ndi Chanida ali ndi ozembetsa katundu, ndipo mapiri a Kum'mawa ali ndi mapanga a zithunzi zakale za makolo. Mwana wa ku Lundazi kapena ku Nyimba akadakondwa kuwerenga za anzace oweta ng'ombe amene atulukira cinsinsi cimene mfumu ndi apolisi analephera. Zimanenedwa kuti Blyton sanali kusamala za cidzudzulo ca munthu aliyense wopitirira zaka 12, popeza oweruza ace enieni anali ana. Wolemba wa kuno amene adzayesa nchito imeneyi adzaweruzidwa ndi bwalo lomwelo.